Mpando Umene Ndinamana Gibisoni

Ana anga, Esinati, Tendai ndi iwe Limbani, mutu uno ndaulemba m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti mudzafunsana m'Chishona kuti bambo ankatanthauza chiyani apa, koma kumva mumamva ndithu, ulesi wanu uli pakamwa chabe. Za ubwana wanga ku komboni ya mgodi ku Eiffel Flats ndazidumpha, chifukwa munazimva mpaka kutopa nazo. Ndikufuna mudziwe za miyendo yangayi, imene mumaipeza yokulungidwa mukabwera pa Khirisimasi n'kumayang'ana kumbali. Ndikufunanso mudziwe za mpando wachitsulo wopanda chotsamira umene uli kuchipinda kwanga, umene Tendai wafuna kuutaya kawiri konse. Mpando umenewo uli ndi mwini wake. Dzina lake ndi Gibisoni Mbewe, ndipo pa zaka zanga zonse za ntchito mnzanga weniweni anali yekhayo. Ndinamutaya ndi dzanja langa lomwe, ndipo ndikufuna mumve kwa ine mmene zinachitikira.

1978 mpaka 1984

Ntchito yanga yoyamba inali ku Kadoma, pa fakitale yochotsa njere m'thonje. Ndinkagubuduza mabelo kuchoka pa sikelo kupita mosungira. Inali ntchito ya nyengo: thonje likatha, nafenso tinkatha. Nditagwira nyengo zitatu ndinamva kuti fakitale yoluka nsalu ku Chegutu ikulemba anthu oti aphunzire makina, ndipo ndinanyamuka ndi bulangeti limodzi ndi kalata ya abusa. Tsiku loyamba ndinkaganiza kuti mutu usweka. Makina oluka akamayenda onse pamodzi, munthu ngakhale akuwe m'khutu mwako sumumva. Tinkatseka makutu ndi thonje n'kumalankhulana ndi manja ndi milomo. Aliyense anali ndi mzere wake wa makina, ndipo ntchito inali kuima pakati pawo maso ali pa ulusi. Ukaduka umalumikiza msanga, kenaka n'kuimanso. Pansi panali simenti. M'holo monsemo munalibe mpando ngakhale umodzi. Bwana wathu woyamba, mzungu wamtali amene tinamutcha Aikona, akakupeza utatsamira khoma ankakuloza ndi pensulo n'kukuwa m'Chilapalapa, chilankhulo cha mabwana ndi antchito, kuti aikona hlala panzi, kuti usayerekeze kukhala pansi. Mawu ake sitinkawamva, koma milomo yake tinkaiwerenga bwino lomwe.

Gibisoni ndinadziwana naye kukantini mwezi wanga wachiwiri. Ndinali nditakhala ndekha monga masiku onse pamene ndinamva munthu kumbuyo kwanga akudandaulira mbale yake kuti ufa umenewu anagaya ndi zitsononkho zomwe. Ananena m'Chichewa chenicheni, chimene ndinali ndisanachimve chichokereni pa nyumba ya amayi. Ndinatembenuka n'kumuuza kuti athokoze, poti dzulo lake anagaya ndi thumba lomwe. Anaseka mpaka kutsamwa. Anali munthu wamfupi, wojintcha, wokulira pa famu ina cha ku Selous. Bambo ake anali a ku Ntcheu, anga a ku Dedza. Tonse awiri dziko la Malawi tinali tisanalionepo, koma tinkakangana za mapiri ake ngati tinabadwira pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo tinkadyera limodzi, kumwera tiyi limodzi pa khoma la kuseri kwa boyila, ndipo tinkaitanana achimwene. Pa ntchito anali ndi manja a mphatso. Ulusi ukaduka, iye ankaumanga makina asanaime bwinobwino, ndipo nsalu yake sinkabwezedwa.

1985 mpaka 1996

Ndinakwatira amayi anu mu 1985. Iwo anali a ku Mhondoro, choncho m'nyumba mwathu munalowa Chishona n'kukhazikika. Sindikudandaula ayi. Anali mkazi wabwino, ndipo moni wa Chichewa anaphunzira kuti asangalatse apongozi awo. Koma inu mutabadwa ndinkati ndikakufunsani m'chilankhulo changa, munkandiyankha m'cha amayi anu, ndipo makolo anga atamwalira ndinazindikira kuti pa tsiku lonse ndili ndi theka la ola lokha loti ndilankhule osayamba ndaganiza. Theka la ola limenelo linali la pa khoma la boyila, ndi Gibisoni. Sitinkakamba zakupsa. Tinkanyoza ophika, kunyoza Aikona, kukangana za mpira. Koma ndikanyamuka pamenepo ndinkamva kuti ndine munthu.

Miyendo inayamba kutivuta tonse nthawi imodzi, titatha zaka pafupifupi khumi m'holomo. Poweruka inkalemera ngati wavala majombo odzaza madzi. Akakolo ankatupa mpaka nsapato kuthina, ndipo akatumba ankakokana. Kenaka kuseri kwa mawondo kunayamba kuoneka timitsempha tobiriwira, ndipo patapita zaka inatukuka n'kumapindikapindika ngati nyongolotsi, kutsika mpaka ku msongolo. Pafupifupi aliyense wokhalitsa anali nayo, ndiye sitinkaiona ngati matenda. Tinkati ndi mendulo ya ntchito.

Mankhwala ake tinali nawo athuathu, ndipo apa pali mlandu wanga woyamba. Nsalu ikatuluka pa makina ankaidula m'mphepete, ndipo timizere tolimba timeneto tinkatayidwa m'dengu. Mkulu wina amene ndinamupeza pa ntchito anandionetsa kuti ukatenga kamzere koteroko n'kukazunguliza kawiri pansi pa bondo, n'kumanga kolimba, mwendo umachita dzanzi ndipo ululu suumva mpaka kuweruka. Tinkatitcha timalamba. Ine ndinatikhulupirira kuposa jekeseni. Ndine ndinaphunzitsa Gibisoni, ndinagwada pansi n'kumumanga ndekha tsiku loyamba, ndipo atadandaula kuti kathina ndinamuuza kuti kuthinako ndiye mankhwala ake. Nditakhala kapitawo mu 1991, munthu aliyense watsopano akanena za miyendo ndinkamulozera dengu lija monyadira.

Gibisoni sanalekere pomwepo. Pa tchuthi china anapita kwa sing'anga wa kwawo ku Selous, amene anamuuza kuti mitsemphayo yadzaza magazi oipa, n'kumutema mphini kuchokera pa katumba mpaka pa kakolo. Ine monga mkulu wa mpingo ndinamuseka kwambiri, timalamba tanga tili chimangire m'kati mwa ovolosi. Mphini zinazo zinapola, koma imodzi ya m'kati mwa kakolo wa kumanzere inkangotseka n'kutsegukanso. Khungu la pamenepo linada n'kuuma, ndipo linkamuyabwa koopsa.

1997

M'fakitale yonse munali ntchito imodzi yokha ya anthu athu imene munthu ankagwira atakhala pansi. Ulusi watsopano usanakwere pa makina umayenera kulowetsedwa umodziumodzi m'timaso tachitsulo. Ntchitoyo inkagwiridwa m'kachipinda kakekake kopanda phokoso, anthu awiri atakhala pa mipando moyang'anizana, wina akupatsira ulusi, wina akukoka ndi kambedza. Chaka chimenecho mmodzi wa iwo, a Moyo, anapuma pa ntchito. Manijala wathu watsopano, munthu waulemu amene analowa m'malo mwa Aikona, anandiitana Lolemba n'kundiuza kuti ndimupatse dzina limodzi la m'holo mwanga pofika Lachisanu. Anati amandikhulupirira, ndipo dzina limene ndilembe ndi lomwelo.

Lachiwiri pa tiyi Gibisoni sanaseke za ophika. Anaika kapu pansi, n'kukweza mwendo wa ovolosi, n'kumasula kansanza kamene anamanga pa kakolo. Chilonda chinali chaching'ono, koma chonyowa, ndipo mwendo wonse kumusi kwa kalamba unali wotupa mpaka kunyezimira.

“Achimwene,” anatero, “chikhalireni inu kapitawo sindinakupemphenipo kanthu. Mpando wa a Moyo uja mundiganizire. Mwendowu sundifikitsa.”

Ndinamuuza kuti ndamva.

Masiku atatu amenewo ndinadya movutikira. Zifukwa zomukanira ndinali nazo, ndipo zinali zoona. Nthawi imeneyo m'fakitale munali manong'onong'o akuti anthu adzachepetsedwa, ndipo ena ankanena poyera kuti ayambire mabhurandaya, dzina limene ankatinyoza nalo ife ana a ochokera ku Malawi. Pa chitupa changa panali chilembo chosonyeza kuti ndine mlendo, ngakhale ndinabadwira mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera pa geti la fakitaleyo. Munthu wina wa m'komiti ya antchito anali atandinenera kale kuti makina abwino ndimapatsa m'bale wanga. Komanso Gibisoni akanachoka, nsalu ya holo yanga ikanatsika, ndipo wofunsidwa ndikanakhala ine. Lachisanu ndinalemba dzina la Marufu, mnyamata wamkulu ndithu wa zaka makumi atatu, wa miyendo yosalala, amene sanapemphe n'komwe.

Chifukwa chenicheni sindinauzepo munthu, ngakhale amayi anu. Anthu a m'kachipinda kaja ankagwira ntchito masana okhaokha, ndipo tiyi ndi chakudya ankalandira pa ola lawolawo. Ife a m'holo tinkasinthana mashifiti. Gibisoni akanapita kumeneko, pa khoma la boyila ndikanatsala ndekha. Ndinaopa zimenezo kuposa komiti, kuposa manijala. Ndinayang'ana chilonda cha mnzanga, n'kusankha theka la ola langa. Ndinadziuza kuti chipola, kuti mwayi wina udzapezeka, kuti ndidzamupatsa makina a pafupi ndi khomo. Munthu ukafuna kudzinamiza susowa mawu.

Ndinamuuza ndekha pa tiyi wa Lolemba lotsatira. Ndinafotokoza za komiti, za chitupa, za anthu amene akutiyang'ana. Anamvetsera osandidula, akupukusa tiyi m'kapu. Nditamaliza anamwa wotsalayo, n'kugwedeza kapu kuti madontho agwe, n'kuimirira.

“Zvakanakai, foromani,” anatero. Kunena kuti zili bwino, a kapitawo.

Kuyambira tsiku limenelo sanandilankhulenso m'Chichewa. Sanandichitire mwano, sanajombe, nsalu yake inali yabwino monga kale. M'mawa ndikamupatsa moni wathu ankandiyankha mwaulemu m'Chishona, chipewa chili m'manja. Tiyi ankamwera ndi anthu a kumakina opota. Ine ndinapitabe ku khoma lija kwa milungu ingapo, kenaka ndinayamba kumwera m'kaofesi kanga chitseko chili chotseka.

1998 mpaka 2010

Patatha zaka ziwiri, tsiku lina masana, Gibisoni anagunda msongolo pa ngodya ya bokosi la ulusi. Kugunda kwake kunali kochepa, koma mtsempha wotupa uja unaphulika. Magazi anadzaza nsapato n'kuyenderera pa simenti. Ife mwa nzeru zathu tinamukhazika pa bokosilo mwendo uli pansi, n'kumumanga kalamba kena kolimba pamwamba pa bondo, ndipo magazi anangowonjezereka. Kalaliki wa chithandizo choyamba atafika anatikankha tonse, n'kumugoneka chagada, n'kukweza mwendo pa phewa lake, n'kudina pa bala ndi nsalu yoyera. Posakhalitsa magazi analeka. Ndinaona ndi maso anga kuti kukweza mwendo kwachita zimene kumanga kunalephera, koma sindinatolepo phunziro. Mawa lake ndinamanga timalamba tanga monga mwa masiku onse.

Chilonda cha pa kakolo chinakula. Chaka cha 2000 adokotala analemba kuti sangathenso ntchito yoimirira, ndipo popeza mpando unali ndi mwini wake, anamupumitsa. Anasamukira ku Rimuka, ku Kadoma, kwa mng'ono wake. Tsiku lotsanzikana anandigwira chanza monga anagwirira wina aliyense. Kuchokera ku Chegutu kukafika ku Kadoma si ulendo woti n'kutengera kamba, koma ndinatha zaka makumi awiri ndi ziwiri osauyenda chifukwa cha iye.

Zaka zotsatira inu mukuzikumbuka, za mashelefu opanda kanthu. Ku fakitale thonje linkabwera mwa apo ndi apo, zitsulo zosinthira zinasowa, moti tinkaphwasula makina awiri kuti amodzi ayende. Magetsi akazima tinkangoima pambali pa makina ozizira kudikira. Kwa nthawi yoyamba m'holo muja munthu ankatha kumva mnzake akulankhula, ndipo anthu ankacheza, kuseka, kuimba nyimbo za kutchalitchi. Ine ndinkayendayenda ndi kabuku kanga m'manja ngati ndili ndi chochita. Kapitawo sakhala ndi anzake ambiri, ndipo ine sindinali munthu wophweka kuzolowerana naye.

Ntchito itachepa kwambiri, kachipinda kolowetsera ulusi kanatsekedwa. Marufu anali atapita kale ku Joni. Tsiku lina ndinaona mipando iwiri ija itaponyedwa pa mulu wa zitsulo zotha kuseri kwa boyila. Umodzi unali wothyoka. Winawo, wa a Moyo uja, unali wabwinobwino, thabwa lake litasalala ndi kukhalidwa. Ndinapempha chikalata cha pa geti n'kuunyamula pa njinga. Amayi anu atandifunsa kuti ndi wa chiyani, ndinati ndi wokwerapo posintha babu. Sindinakhalepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinapuma pa ntchito mu 2010, ndi wotchi ya pakhoma imene inaima chaka chomwecho.

2016 mpaka 2021

Amayi anu atatisiya mu 2016, nyumba ino inakula. Esinati ku Joni, Tendai ku mgodi ku Ngezi, Limbani ku Harare. Mumaimba foni, sindikukana, ndipo zimene mumatumiza zimafika. Koma pali masiku amene ndimazindikira madzulo kuti chidzukireni sindinatulutse liwu, kupatula pothamangitsa nkhuku za aneba. Timalamba ndinapitiriza kumanga, tsopano todula ku mashiti akale. Mu 2019 waya wa kudimba unandikala pa kakolo wa kumanja. Kanali kabala kosati n'kuuza munthu. Mwezi unatha, iwiri, kabala kanasanduka chilonda, ndipo chinayamba kutulutsa madzi ndi fungo. Kutchalitchi ndinachoka pa benchi ya akulu a mpingo n'kumakhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Tsiku lina mayi wina anasuntha mwana wake mwakachetechete, ndipo Lamulungu lotsatira sindinapitenso. Ndinachita manyazi, ndipo ndinasungulumwa kuposa mmene ndingalembere pano.

Ku kiliniki ndinapita chilonda chitakwana miyezi isanu. Namwino amene anandilandira anali mayi wachikulire wosanyengerera. Atakweza buluku langa n'kuona kalamba pansi pa bondo, anatenga sizasi n'kukadula osandifunsa, n'kukakweza m'mwamba ngati wagwira khoswe. Anandifunsa kuti ndani anandiphunzitsa zimenezi. Ndinati ndi nzeru za ku fakitale. Anati nzeru zimenezo zamubweretsera madala ambiri.

Pamene ankatsuka chilondacho anandifotokozera zimene ndikanayenera kumva zaka makumi atatu m'mbuyomo. Anati magazi akatsika ku mapazi amayenera kukwera kubwerera ku mtima, ndipo m'mitsempha ya m'miyendo muli tizitseko ting'onoting'ono totseguka mbali imodzi, toletsa magazi kubwerera pansi. Chimene chimawakankha kuti akwere ndi katumba, munthu akamayenda. Ukaima malo amodzi tsiku lonse kwa zaka, magazi amadikha kumusi, mitsempha imafutukuka, tizitseko tija sitikumananso, ndipo mwendo umatupa. Khungu la pa kakolo limafooka, limada, ndipo kabala kalikonse kamavuta kupola. Anati ena amatengera ku mtundu, amayi ambiri zimawayamba ndi pakati, ndipo kunenepa ndi ukalamba zimawonjezera. Magazi oipa oti n'kuwatulutsa ndi lezala mulibe. Tsono kumanga pansi pa bondo, anatero, kuli ngati kuponda paipi ya madzi: magazi amene akuvutika kale kukwera umawatsekera njira.

Anagwira pa phazi langa kufufuza kugunda kwa magazi, nati ayenera kutsimikiza kaye kuti magazi akufika bwino kumusi, chifukwa ngati sakufika, kukulunga kothina kumawononga. Atakhutira anandikulunga bandeji kuyambira ku zala, kuzungulira chidendene, yogwira bwino pa kakolo n'kumapepuka pokwera mpaka pansi pa bondo. Anandilamula kuti ndiziyenda tsiku lililonse, ndikakhala ndizikweza mwendo, ndipo masana ndizigona kanthawi miyendo ili pamwamba kuposa chifuwa. Anati chikapola ndizivala masokosi othina a kuchipatala m'mawa ndisanatsike pa bedi, ndiponso kuti ku zipatala zazikulu amatha kutseka kapena kuchotsa mitsempha yowonongekayo. Anandichenjeza kuti mwendo ukadzatupa mwadzidzidzi, kutentha ndi kupweteka, ndisadzadikire mawa.

Ndinatuluka m'menemo mutu uli pansi. Sindinkaganiza za mwendo wanga. Ndinkaona dengu lija, ndi anthu onse amene ndinawalozera, ndiponso ndinkadziona nditagwada pa simenti ndikumanga Gibisoni. Chilonda changa chinatenga chaka ndi miyezi kuti chitseke. Nthawi yonseyo ndinkagona chagada masana, mapazi ali pa mapilo, maso ali pa mpando uja pa ngodya.

2022

Ndinapita mwezi wa Julaye, kukuzizira. Kondakitala wa kombi anafuna kuti mpando ukwere pa denga, koma ndinaufungatira pa miyendo ulendo wonse, anthu akundiyang'ana. Ku Rimuka ndinafunsira ku tchalitchi, ndipo anandilozera nyumba. Mng'ono wake anali atamwalira, mkazi wa Gibisoni nayenso, ndipo iye ankasungidwa ndi mpongozi wake, mkazi wa mwana wake amene amagwira ntchito kutali. Ndinaima pa geti n'kunena odi. Mawu amene ndinawadziwa nthawi yomweyo anayankha kuchokera kuseri kwa nyumba, m'Chishona, kuti ndifike.

Anali atakhala pa benchi yaifupi akuwothera dzuwa, mapazi onse ali pansi. Kujintcha kuja kunatha. Mwendo wa kumanzere unali wokulungidwa chisanza pa kakolo, ndipo fungo lake ndinalizindikira chifukwa linali langa lomwe. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mpando, ndipo ndinaona kuti wauzindikira. Tinapatsana moni, ine m'Chichewa, iye m'Chishona. Anafunsa za ana, anapepesa za amayi anu, nati anamva mochedwa. Mpongozi anabweretsa tiyi n'kutisiya.

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'kombi, koma onse anabalalika. Ndinangomuuza kuti za komiti zija ndi za chitupa zinali zophimbira. Ndinati ndinamumana mpando chifukwa sindinafune kumwa tiyi ndekha.

Anatembenuka n'kuyang'ana nkhuku.

“Ndaizviziva,” anatero. Ankadziwa.

Ine ndinaganiza kuti ulendo wanga wathera pomwepo. Ndinayamba kufunafuna chipewa. Ndiye iye anawerama kuti akande mwendo, buluku n'kukwera pang'ono, ndipo ndinaona kamzere ka nsalu pansi pa bondo, kozungulizidwa kawiri, mfundo yake ili kumbali monga mmene ndinamuphunzitsira. Kanali katalowa m'mnofu.

Sindinapemphe chilolezo. Ndinagwada, ndipo kugwada pa msinkhu uno si masewera. Ndinamasula kalambako movutikira, n'kumuuza kuti chimenechinso ndinamunamiza, ngakhale apa ndinali wosadziwa. M'thumba la jekete ndinali ndi bandeji yanga yosinthira. Ndinapempha mpongozi madzi owiritsa ndi nsalu yoyera, tinatsuka chilonda, kenaka ndinayamba kukulunga kuchokera ku zala, kuzungulira chidendene, kukwera pang'onopang'ono, ndikubwereza zonse zimene namwino anandiuza ngati mwana wa sukulu. Nditamaliza ndinakoka mpando uja, n'kunyamula mwendo wake ndi manja awiri, n'kuuika pa thabwa. Iye anangondilekerera. Anayendetsa zala za kuphazi, n'kukwinya nkhope.

“Mwathinitsa, achimwene,” anatero. “Masulani pang'ono.”

Ndinamasula. Ndinachedwa dala pa mfundo, nkhope ili pansi, chifukwa maso anali atadzaza misozi.

2024

Sindikunamizani kuti tinabwerera pa khoma la boyila. Zaka zimene zinapita zinapita. Sabata yotsatira ndinamuperekeza ku kiliniki ya kwawoko kuti amuone odziwa, ndipo pambuyo pake ndinkapita Lachinayi lililonse limene mwendo wanga walola. Masiku ena ankalankhula Chichewa mpaka kunyoza ophika amene anamwalira kalekale. Masiku ena ankabwerera ku Chishona, ndipo ine sindinkafunsa chifukwa. Mpando sanaukhalepo. Unali wa mwendo basi. Chilonda chinachepa koma sichinatseke, chinali chitakhalitsa. Anamwalira chaka chatha nyengo ya mvula, ndi matenda a m'chifuwa. Pa maliro nyimbo zonse zinali za Chishona kupatula imodzi, imene tinaimba anthu anayi okha.

Patatha mwezi mpongozi wake anafika pano ndi kombi, mpando uli pamutu. Anautula pa khonde, n'kugwada, n'kunena kuti bambo anasiya mawu. Ndinamufunsa kuti anati chiyani.

“Vakati chituro ichi chidzokere kuna achimwene,” anatero. Mpando ubwerere kwa achimwene.

Tsono Tendai, usautaye. Mitsempha imeneyi imayenda m'mtundu, ndipo ndaona kuseri kwa mawondo ako. Uziyenda, uzikweza miyendo ukaweruka, ndipo usadzamange kanthu pansi pa bondo. Masamba onsewa ndawalemba nditakhala pa bedi, mwendo wa kumanja uli pa thabwa lomwelo. Tiyi ndimamwera pomwepa, nthawi ya teni koloko, ndekha.